Manda amene eni ake anaiwalika: zimitumbira zakalekale ndi kutetezedwa kwake

Mukamayenda m'chilimwe pa msewu wochoka ku Kasungu kupita ku Mchinji, kudzera pa Santhe ndi pa Kapiri, maso amaona patali chifukwa mitengo inatha. Ina inalowa m'zigafa za fodya, ina m'mauvuni a njerwa, ina inasanduka makala. Koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kowirira katatsala kokha pakati pa minda. Mwana wa kuno safunsa. Amadziwa kuti kumeneko ndi kumanda.

Palibe waya, palibe mlonda, palibe chikwangwani cha boma. Mitengo imeneyo imapulumuka chifukwa ogona m'munsi mwake ali ndi abale amoyo, ndipo mfumu ikhoza kuloza kuti apa pali auje, apo pali auje. Nanga manda amene palibenso wowatchula dzina, amene mudzi wake unasanduka bwinja agogo a agogo athu asanabadwe, amawateteza ndani?

Funsoli lakhala likubwera chifukwa cha zimene anthu akumva pa wailesi ndi kuona pa foni. Mu 2019 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika manda akale a ku Bahrain ndi a ku Japan pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Mu 2023 linawonjezera ena a ku Korea, komanso milu ya dothi ya ku Ohio m'dziko la America. Ambiri amadabwa kuti manda angakhale bwanji malo okaona alendo, ofukula mafupa amafunamo chiyani, ndipo mlimi akatulukira mphika ndi mafupa m'munda mwake, zinthuzo ndi za ndani. Tiyeni tizitenge chimodzichimodzi.

Chimtumbira n'chiyani, ndipo chimasiyana bwanji ndi chulu

Mtumbira timaudziwa tonse. Adzukulu akakwirira, dothi lotsala amaliunjika pamwamba. Pakadutsa mvula ziwiri zitatu mtumbirawo umatitimira, ndipo ngati abale sanamange chiliza, m'badwo wotsatira umangodziwa malowo chifukwa cha mtengo kapena mwala.

Zimene zikukambidwa m'nkhani zakunjazi ndi zamtundu wina. Ndi dothi kapena miyala imene anthu anatuta mwadala kuchokera kwina, dengu ndi dengu, mpaka kupanga kaphiri pamwamba pa malemu, kuti malowo azioneka patali ndiponso asafafanizike. M'mabuku a akatswiri dzina lake ndi tumulus, liwu la Chilatini. Ku Britain amati barrow, ku zigwa za Ukraine ndi Russia amati kurgan, ku Japan amati kofun. Ife tingoti chimtumbira.

Chotchuka kwambiri ndi cha ku Newgrange m'dziko la Ireland, chimene chinamangidwa cha m'ma 3200 Yesu asanabadwe, mapiramidi aakulu a ku Giza m'dziko la Egypt kulibe. M'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 85, ndiye kuti chatsala pang'ono kufanana ndi kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo kupita m'mwamba ndi mamita ngati 13. M'kati muli kanjira ka miyala kotalika mamita 19 kokafika kuchipinda kumene kunapezeka mafupa a anthu, ena otenthedwa. Masiku oyandikira 21 Disembala, pamene usana umafupika kwambiri kumeneko, kuwala kwa dzuwa lotuluka kumalowa pa kazenera ka pamwamba pa khomo n'kuyenda m'kanjirako mpaka kukawalitsa chipinda. Alimi amene analibe chitsulo kapena zolemba anayeza kayendedwe ka dzuwa mpaka kufika pamenepo. Cha ku Japan chotchedwa Daisen ndiye chachikulu koposa m'dzikomo, chotalika mamita 486, chozunguliridwa ndi ngalande za madzi.

Musaganize kuti ndi mwambo wa kunja kwa Africa kokha. Ku Kerma m'dziko la Sudan mafumu ankaikidwa pansi pa zimitumbira zazikulu, m'mbali mwake mutandandalikidwa zigaza za ng'ombe zambirimbiri. Ku Senegal ndi Gambia kuli zimitumbira pamodzi ndi miyala yoimikidwa mozungulira, zimene zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006. Koma amene amandigwira mtima ine ndi malo otchedwa Lothagam North, pafupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya. Zaka pafupifupi 5,000 zapitazo abusa a ziweto anaika anthu amene akuyerekezedwa kuti ndi osachepera 580 pamalo amodzi, amuna, akazi, ana ndi nkhalamba, moyandikana, popanda chosonyeza kuti wina anali mfumu yoposa anzake. Kale akatswiri ankakonda kunena kuti pamene pali chimtumbira panali mfumu yolamula anthu kututa dothi. Malo amenewa anasonyeza kuti anthu akhoza kugwira ntchito yotere mongogwirizana, monga momwe mudzi umathandizirana pa maliro.

Kuno kwathu, kumene pafupifupi munda uliwonse uli ndi chulu, kusokoneza ziwirizi n'kosavuta. Chulu ndi dothi limene chiswe chatulutsa pansi, ndipo mukachigumula mumapeza timanjira ndi timapanga ta chiswecho. Mulu wopangidwa ndi anthu umaonetsa magawo a dothi losiyana mitundu, miyala yoyalidwa ndi manja, makala, mapale, ndipo nthawi zina pozungulira pake pamakhala polowa pang'ono, pamene ankakumbapo dothilo. Komanso si mulu uliwonse wa anthu umene uli manda. Wina ndi dzala la mudzi wakale, wina ndi khoma la linga limene linagwa, wina ndi ng'anjo yophwasuka.

Akati "mbiri isanayambe kulembedwa" amatanthauzanji

Mawu amenewa amakhumudwitsa ena, chifukwa amamveka ngati akunena kuti anthu osalemba analibe mbiri. Tanthauzo lake ndi lochepa kuposa pamenepo. Amangonena nthawi imene anthu a dera linalake sanasiye zolemba, ndiponso palibe mlendo amene analemba za iwo. N'chifukwa chake nthawiyi siitha chaka chimodzi padziko lonse. Ku Iraq ndi ku Egypt kulemba kunayamba zaka zoposa 5,000 zapitazo. Za Amaravi zinayamba kuoneka m'makalata a Apwitikizi cha m'ma 1600, ndipo David Livingstone anafika m'dera la mfumu Mwase ku Kasungu mu 1863.

Zolemba zisanabwere tinali ndi mbiri ya pakamwa: za Kaphirintiwa, za Kalonga, za Makewana ku Msinja, za anthu aafupi aja otchedwa Akafula kapena Abatwa, amene amati akakumana nawe ankafunsa kuti "mwandionera pati?" Mbiri imeneyi ndi yamtengo wapatali, ndipo ofukula anzeru amayamba akhala pansi ndi akuluakulu asanagwire khasu. Dr Yusuf Juwayeyi, pofukula ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, anayendetsa pamodzi zonena za akulu ndi zotuluka m'nthaka.

Komabe mbiri ya pakamwa ili ngati chingwe cha pachitsime. Chili ndi polekezera. Madzi amapitirira kunsi, koma ndowa siifikako. Za anthu amene anakhala kuno zaka 2,000 kapena 10,000 zapitazo palibe nthano imene ingatiuze dzina lawo, chakudya chawo, kapena matenda amene ankawapha. Zimenezo zinatsala m'dothi mokha.

Akale a kuno anagona kuti

Malawi sadziwika ndi zimitumbira zonga za ku Ireland. Manda akalekale amene anapezeka kuno ambiri anali m'mapanga ndi m'mabwinja, opanda chizindikiro pamwamba. Chifukwa chimodzi ndi nthaka yathuyi. Dothi lowawasa, chinyezi ndi chiswe zimadya mafupa msanga pamtetete, pamene m'phanga louma, lodzaza phulusa la moto wa mibadwo yambiri, fupa limatha kukhala zaka masauzande.

Ku phiri la Hora m'boma la Mzimba, loyandikana ndi Kasungu kumpoto, katswiri wina dzina lake Desmond Clark anafukula mafupa a anthu mu 1950. Ena anapezeka ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Mafupa amenewa anasungidwa zaka zambiri, mpaka luso loyeza DNA ya anthu akale litakhwima. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti munthu mmodzi wa ku Hora anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 8,100 zapitazo, ndipo kuti alenje ndi otola zipatso amenewa anali mtundu umene chibadwa chake sichinaoneke mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale, mogwirizana ndi akatswiri a boma la Malawi, linabwereranso ku Hora. Linapeza mafupa a makanda a zaka zoposa 14,000, komanso malo pamene anthu anaunjika nkhuni zambiri n'kutentha thupi la mayi wina zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Taganizani, anthu oyendayenda, opanda nkhwangwa yachitsulo, kutola nkhuni zokwanira kutentha thupi la munthu wamkulu. Mayi ameneyo sanali wotayidwa.

Alimi odziwa kuumba miphika ndi kusula chitsulo anafika m'dziko lino m'zaka mazana oyambirira Yesu atabadwa. Akatswiri amawazindikira ndi mapale amene anawatcha dzina la Nkope, malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Ku Kasungu kuno chuma chathu chachikulu cha m'nthaka ndi ng'anjo zosungunulira nthale, zina zidakaimabe m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, pamodzi ndi zojambula za pamiyala ndi zizindikiro za midzi ya malinga ya nthawi ya nkhondo za Angoni. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anabwera m'dera la mfumu Chulu kudzaphunzira kwa nkhalamba zimene zinali zikukumbukirabe kasungunulidwe ka chitsulo. Pamene panali mudzi wa osula panalinso manda awo. Ambiri a manda amenewo lero ali pansi pa mizere ya chimanga, soya ndi fodya.

Kufukula kwa katswiri ndi kukumba kwa wofuna chuma

Poonera patali ziwirizi zimafanana: anthu, dzenje, dothi pambali. Kusiyana kwake kuli pa chimene aliyense akufuna. Wofuna chuma amafuna chinthu. Katswiri amafuna kudziwa pamene chinthucho chinagona, chinali pafupi ndi chiyani, pamwamba pake panali chiyani.

Tiyerekeze ndi ng'ombe zobedwa usiku. M'mawa pakhola pamakhala mapazi, chipika chotsekera chitagwera mbali ina, mwina ndi kachingwe kotayidwa. Munthu wodziwa kulondola akafika, amawerenga zonsezo n'kunena kuti anali angati ndipo analowera kuti. Koma wina akayamba wasesa pakholapo n'kukupatsani kachingweko m'manja, mwatsala ndi chingwe chabe. Mphika wa m'manda ulinso chimodzimodzi. Ukazulidwa n'kuikidwa pa shelefu, umangokhala mphika wakale. Ukapezeka pamalo pake, pafupi ndi mutu wa malemu, m'kati muli timbewu ta mapira topserera, pansi pa gawo la phulusa, umanena za chakudya, chikhulupiriro ndi nthawi.

Nthaka imasanjikana ngati dzala la kuseri kwa nyumba: za dzulo pamwamba, za chaka chatha pansi. Choncho katswiri amapala pang'onopang'ono ndi kasupuni ka omanga nyumba, kusefa dothi lonse, kujambula ndi kulemba chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa iye kakhala kamodzi kakhoza kuposa mkanda wagolide, chifukwa makala ndi mafupa ndi zimene zimayezedwa zaka. Njira yake anaitulukira Willard Libby cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimalowetsa m'thupi mtundu wina wa kaboni wotchedwa kaboni 14. Chikafa, kulowako kumaleka, ndipo amene analimo amayamba kuchepa pa liwiro lodziwika: theka limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Zili ngati ndowa yodontha pa liwiro lodziwika. Mukadziwa kuti inali yodzaza ndipo mukuona pamene madzi afika, mukhoza kuwerengera nthawi imene yapita. Njirayi imagwira ntchito mpaka zaka pafupifupi 50,000.

Ku Sutton Hoo m'dziko la England, mu 1939, mayi Edith Pretty analola Basil Brown kufukula chimtumbira cha pamalo pawo. Munapezeka kuti munakwiriridwa bwato lotalika mamita 27 la m'zaka za m'ma 600. Matabwa onse anali ataola. Chinatsala ndi chidindo cha bwatolo mu mchenga ndi misomali ili m'mizere yake. Munthu wothamangira golide ndi fosholo akanaliphwanya bwatolo osadziwa n'komwe kuti lilipo. Pafupi ndi kwathu, ku Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, manda okhala ndi mikanda yagolide ndi mkuwa anatulukira mu 1960 pamene anthu ankakumba maziko a thanki ya madzi. Akatswiri ataitanidwa, malowo anaulula za malonda amene ankalumikiza pakati pa Africa ndi nyanja ya mchere ya kum'mawa.

Pali choonadi china chimene akatswiri eni ake amavomereza: kufukula, ngakhale kwaluso, kumawononga. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amafukula kagawo kochepa n'kusiyira a mtsogolo, amene adzakhale ndi zida zabwino koposa, ndipo amagwiritsa ntchito makina oona za pansi popanda kukumba.

Kuteteza kwa mwambo ndi kuteteza kwa lamulo

Chitetezo choyamba ndi chija tayamba nacho. Pa Chichewa kumanda sikulowedwa wamba. Umapita ndi chilolezo cha mfumu, mtengo sudulidwa popanda chifukwa cha maliro, ndipo m'midzi yambiri dambwe la Gule Wamkulu lili komweko. Palibe lamulo la ku Nyumba ya Malamulo limene lasunga mitengo yachilengedwe m'midzi ya m'chigawo chapakati kuposa mwambo umenewu. Kufooka kwake n'kwakuti umayenda ndi anthu. Mudzi ukasamuka, malo akasanduka esiteti, obwera atsopano saona manda, amaona thengo.

Apa ndi pamene lamulo lolembedwa limalowera. Ku Britain linayamba mu 1882, anthu ataona kuti alimi ndi okumba mwachisawawa akumaliza zimitumbira ndi miyala yakale. Ku Malawi nthambi ya boma yoona zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lamulo limene likugwira ntchito ndi Monuments and Relics Act la 1990. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa Department of Museums and Monuments. Mwachidule, lamuloli limapatsa boma mphamvu yolengeza malo kukhala otetezedwa, limaletsa kufukula zinthu zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo, ndipo limafuna kuti wopeza zinthu zotere adziwitse boma. Omanga misewu, madamu ndi migodi amayenera kulola kuti malo ayambe aunikidwa, kuti ngati pali zakale zipulumutsidwe makatapila asanafike. Kuunika kumeneku kumayendera limodzi ndi kuja kwa zachilengedwe kumene lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna.

Kwa munthu wamba amene khasu lake lagunda mafupa pokumba dothi la njerwa kapena chimbudzi, nzeru yake ndi yosavuta. Leka kukumba, usazule kanthu, phimba, kauze mfumu. Mfumu idziwitse apolisi, chifukwa mafupa ena si akale ndipo akhoza kukhala mlandu, komanso ofesi ya bwanamkubwa, imene ingalumikizane ndi a nthambi ya zakale.

Nanga UNESCO imachita chiyani

Pangano la malo ofunika ku dziko lonse linapangidwa mu 1972, maiko ataona mmene anathandizirana kusamutsa akachisi a ku Abu Simbel ku Egypt kuti asamire m'madzi a damu la Aswan. Malawi analowa m'panganoli mu 1982. Malo otetezedwa a nyanja ya Malawi ku Cape Maclear analembedwa mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, malo 127, mu 2006, ndipo phiri la Mulanje mu 2025.

Ambiri amaganiza kuti malo akalembedwa ndiye kuti UNESCO yawatenga, kapena kuti itumiza alonda ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Si choncho. Dziko lenilenilo ndi limene limapempha, limasonyeza kuti malowo ndi apadera ndiponso kuti lili ndi dongosolo lowasamalira, ndipo udindo umatsala m'manja mwake. Zikufanana ndi mfumu imene boma laikweza. Ufumu unachokera ku mbumba, boma langouvomereza pagulu, ndipo kusamala anthu kukadali kwa mfumuyo. Ulemuwo ukhozanso kuchotsedwa, monga zinachitikira mzinda wa Dresden ku Germany mu 2009 ndi Liverpool ku England mu 2021 chifukwa cha zomangamanga. Ndipo malo olembedwa padziko lonse angopitirira pang'ono 1,200. Manda akale ochuluka, kuphatikizapo onse amene ali m'minda ya ku Kasungu ndi Mchinji, sadzafikako. Moyo wawo uli pa mfumu, mlimi ndi lamulo la dziko.

Zimene zimawononga

Kawirikawiri si munthu woipa mtima. Ndi khasu, pulawo, dzenje la njerwa, kuphwanya miyala ya kwale, msewu watsopano. Ku Bahrain, zimitumbira zoposa 11,000 za zaka pafupifupi 4,000 zimene zinalembedwa mu 2019 ndi zotsala chabe, zina zambiri zinapita pomanga nyumba ndi misewu. Ku Newark m'chigawo cha Ohio, milu ya dothi yopatulika kwa eni dziko inakhala bwalo la masewero a gofu kwa zaka zoposa 100, mpaka kumayambiriro kwa 2025.

Kwathu kuno vuto ndi kuchepa kwa malo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko lonse, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, mwa iwo oposa 840,000 ku Kasungu ndi oposa 600,000 ku Mchinji. Bambo amene ali ndi ekala imodzi ndi ana asanu mukamuuza kuti asalime pakona ina chifukwa pali anthu amene iye sawadziwa, ayenera kufunsa kuti adya chiyani, ndipo funsolo ndi lachilungamo.

Palinso okumba chifukwa cha mphekesera za chuma chobisika ndi mekyule wofiira, chinthu chimene sayansi imati kulibe. Ndipo tisaiwale bala limene lidakali laliwisi: kufukulidwa kwa manda a abale athu achialubino, kumene kunachititsa kuti malamulo akhwimitsidwe mu 2016. Anthu akumudzi akaona alendo ali ndi mafosholo pafupi ndi manda n'kukwiya, si umbuli ayi. Ofukula amene sanayambe adzera kwa mfumu ndi kufotokozera mudzi wonse amadziika okha pangozi, ndipo amaipitsira anzawo obwera pambuyo.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi lakuti mafupa akale ndi a ndani. Maiko ayankha mosiyana. Ku America lamulo la 1990 limakakamiza nyumba zosungira zakale zolandira ndalama za boma kubweza mafupa kwa mitundu ya eni dziko. Ku South Africa mafupa amene anafukulidwa ku Mapungubwe kuyambira m'ma 1930 anakaikidwanso m'manda mu 2007. Ku Japan manda amene amati ndi a mafumu a banja lolamula sakumbidwa mwaufulu, ngakhale akatswiri akhala akupempha. Chigaza chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chidakali ku London, ndipo Zambia yakhala ikuchiitanitsa. Nanga anthu a ku Hora, amene chibadwa chawo sichinaoneke mwa ife, owalankhulira ndani? Mfumu ya dera limene anapezekako, boma, kapena tonse amene timamwa madzi a dziko limene iwo anayamba kukhalamo?

Lachiwiri ndi lakuti kudziwa kuli ndi malire pati. Mbali imodzi ikuti wakufa asiyidwe agone, ndipo palibe amene anapempha chilolezo kwa mayi wa ku Hora uja. Mbali ina ikukumbutsa kuti kufukula komweku ndi kumene kunathetsa mabodza aakulu. Azungu ku America ankati milu ya dothi ija sinamangidwe ndi makolo a eni dziko, mpaka kafukufuku wa Cyrus Thomas mu 1894 anatsutsa. Za Great Zimbabwe, mabwinja a makoma amiyala a m'dziko la Zimbabwe, ankati anamanga ndi alendo ochokera kutali, mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuchokera m'nthaka kuti anamanga ndi anthu akuda a komweko. Mbali zonse ziwiri zikunena za ulemu, koma ulemu wosiyana.

Palinso nkhani ya alendo ndi ndalama. Malo akatchuka amabweretsa ntchito, komanso amabweretsa mapazi ambiri, ndipo kulengeza pamene pali manda akale kumaitananso akuba. Ndalama za pakhomo zikapezeka, gawo la mudzi likhale lotani? Ndipo kodi malo amene ali ndi dambwe angatsegulidwe kwa alendo popanda kuphwanya chinsinsi cha mwambo umene wawasunga mpaka lero?

Lomaliza ndi la mlimi uja. Ngati dziko lonse lipindula posunga kakona ka munda wake, koma wotaya mizere khumi ya chimanga ndi iye yekha, amubwezera ndani, zingati, ndipo kwa zaka zingati? Pamene yankho lake silikumveka bwino kumudzi, munthu amene khasu lake lagunda mphika m'mawa wina amakhala ndi njira ziwiri, kukauza mfumu kapena kukwirira mwakachetechete n'kupitiriza kulima, ndipo palibe kaundula amene amalemba kuti ndi angati amasankha yachiwiriyo.